Nsungwi ya atsibweni ikugunda mchenga

Ndinatsikira kumudzi mwezi wa Okutobala, nthawi imene munthu wanzeru zake satsika ku chigwa pokhapokha kukhale maliro kapena mayi ako akuitana. Ine anali mayi. Minibasi itangoyamba kukhotakhota m'mapiri muja kulowera ku Thabwa, mphepo yolowa pawindo inasintha n'kukhala ngati wina wakutsegulira uvuni kumaso, ndipo mayi wina amene anakhala pafupi nane anangoti "tafika kwathu", chonsecho mlatho wa Shire tinali tisanauone n'komwe. Ukakhala pamwamba paja chigwa chonse chimaoneka ngati mphasa yoyala, Shire akunyezimira pakati, nzimbe za ku Nchalo zili biriwiri patali, kwina konseko kuli mbuu. Ndiye mumsewu momwemo, ife tikutsika, anyamata a makala akukwera, njinga atazisenzetsa matumba atatu ena anayi, akukankha malaya atavula thukuta lili kamukamu. Ndinawayang'ana ngati mmene ndimachitira nthawi zonse, kachisoni pang'ono kenako maso pa foni.

Kwathu ndi ku East Bank. Mukafika pa Thabwa mumakhotera kumanzere kutsata msewu wa ku Livunzu, Masenjere mpaka uko ku Fatima, mapiri a Thyolo ali mbali iyi, dambo lili mbali inayo. Pamapu amalemba kuti Elephant Marsh, Dambo la Njovu, koma kwathu palibe amene amatchula choncho, timangoti kudambo, ngati mmene munthu amanenera kuti kumunda kapena kuchigayo. Dzinalo anapereka ndi David Livingstone amene anadutsa pa Shire mu 1859 ndi kasitima kake ka nthunzi kotchedwa Ma Robert, n'kulemba kuti anaona njovu pafupifupi 800 malo amodzi. 800 abale! Ine ndinabadwira pomwepo, ndinasambira m'madzi omwewo mpaka kudwala likodzo kawiri, koma njovu yoyamba kuiona inali ya pa 20 tambala, ija yaikazi ili ndi kamwana kake. Ngakhale ambuya, mayi awo a mayi anga, ankati njovu anangoimvera m'nthano. Alenje a minyanga anazimaliza kalekale, moti pamene atsamunda ankalengeza mu 1897 kuti damboli likhale malo otetezera nyama, chotetezacho chinali chitatsala pang'ono, ndipo pambuyo pake lamulolo analichotsa. Linangotsala ndi dzina, ngati munthu amene akutchedwabe abwana ntchito inatha kalekale.

Tsiku lachitatu nditatopa ndi kugona pansi pa mtengo wa nimu ndinapita kwa atsibweni, achimwene awo a mayi. Iwowa ndi asodzi chiyambire unyamata wawo, mano atsala owerengeka koma mikono ikadali ya munthu wa zaka 40. Ndinawapeza akusoka ukonde pakhonde. Titalonjerana anandiyang'ana nsapato n'kuseka, akuti "mphwanga, zimenezo mawa uzisiye kwa mayi ako, ndikufuna ukaone chinthu." Chinthu chake sanachitchule. Ndi mmene alili, nkhani sayambira kumutu.

Tinalawira kusanache. Choyamba kundidabwitsa chinali mtunda, poti ndili mwana dooko linali pafupi, mayi akakuitana uli kumeneko umamva, koma tsikuli tinayenda n'kuyenda pamchenga, kudutsa madimba a anthu pamalo pamene ine ndimakumbukira kuti tinkatcherapo miono. Bwato lawo, mwadiya monga anenera anzathu Achisena, linali m'kangalande kakang'ono pakati pa bango. Ine anandikhazika pakati n'kundipatsa chigubu chodula chokapira madzi, iwo kumbuyo chiimire ndi nsungwi yawo yokankhira, yaitali yoti anthu awiri kusanjikizana sangaipose. Kunja kukuyamba kuyera dambo linadzuka lonse kamodzi, akakowa mbee pa bango, atsekwe akudutsa chapamwamba, nkhwazi ikulira kwinakwake, udzudzu nawo osagona. Sindinama, ngakhale mtima uli ndi ngongole za ku Blantyre pamenepo umayamba watsika kaye.

Tinatulukira pathamanda lina lalikulu, atsibweni n'kuimitsa bwato. Akuti, "ukukumbukira pano?" Ndinali nditaiwala. Akuti pamenepo kale nsungwi inkalowa yonse osagunda pansi, ankachita kuigoneka m'bwato n'kutenga nkhafi, ndipo milamba ya pamenepo inali yoti mmodzi kunyamula mutu wina mchira. Atatero anaizika nsungwi ija m'madzi. Inangolowa mfundo zitatu basi n'kumveka kuti tswee. Anandilanda chigubu chija, kuwerama, kutapa pansi n'kundithira m'manja. Sanali matope akuda aja oterera onunkha dambo amene tinkapakana tili ana, unali mchenga wokhakhala wofiirira, wosakanikirana ndi timiyala.

"Uwu si wa kuno," anatero, n'kuloza ndi mlomo kumapiri kumene dzuwa linkatulukira. "Uwu ndi munda wa munthu. Wabwera wokha, mwini wake akudabwa kuti chimanga sichikubereka."

Ndakhala ndikuganiza za mchenga umene uja kuchokera tsiku limenelo. Tikamakamba zoteteza chilengedwe pa wailesi kapena m'ma wekishopu muja timathamangira opha nyama mozemba, misampha, minyanga, mfuti. Zimenezo zilipo inde. Koma dambo lathu silikuphedwa ndi mfuti, likukwiriridwa lamoyo, pang'onopang'ono, mvula iliyonse, ndipo okwirirawo ambiri sanalionepo n'komwe.

Mwina ndifotokoze kaye ntchito ya dambo, poti anzanga ena a kumtunda amaona ngati ndi malo ongowonongeka odzaza udzudzu oyenera kuumitsa n'kudzalapo nzimbe. Shire akatsika pa mathithi a Kapichira amafika pachigwa chosalala moti madzi amasowa kothamangira, ndiye pakati pa Chikwawa ndi Chiromo amamwazikana m'timitsinje, m'mathamanda, m'bango ndi gumbwa. Kumunsi ku Chiromo kumabweranso Ruo kuchokera ku Mulanje, ndipo Ruo akadzaza amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo kudzaza dambo. Damboli limakhala ngati chinkhupule, limamwa madzi a dzinja n'kumawatulutsa mwapang'onopang'ono chilimwe chonse. Madzi akasefukira m'maudzu milamba imakwera kukaswana mmenemo, makakana nawo amasunga ana awo m'kamwa mpaka atakhwima pang'ono n'kuwalavulira m'malo osaya momwe muli chakudya. Madzi akamaphwa amasiya chinyontho ndi nthaka yatsopano, anthu n'kumawatsatira pambuyo ndi khasu, kudzala chimanga, mbatata, nyemba, maungu, popanda feteleza popanda mvula. Kuchigwa kuno mvula ndi yosadalirika, munda wa kumtunda ukhoza kukupatsa mapira ochepa kapena osakupatsa kanthu, koma dimba silinamiza. Ine sukulu ndinaphunzira ndi ndalama za mbatata ya kudimba ndi mphasa za bango zimene mayi ankagulitsa pamsika, yunifolomu yanga yoyamba inachokera m'matope amenewo. Ndiye chinkhupule chija mukachidzaza mchenga chimwa bwanji madzi?

Mitsinje ya kwathu imene imatsika m'mapiri a Thyolo, monga Mwamphanzi, Livunzu, Nkhate ndi inzake, akuluakulu amati inali ndi madzi chaka chonse ndiponso inali ndi magombe akuya. Pitani mukaione lero mu Okutobala, ndi misewu ya mchenga, ana akusewerapo mpira, amayi akufukula timaenje kuti apeze madzi. Malo ena mchenga wakwera mpaka kutsala pang'ono kugunda mlatho. Tsidya linalo mtsinje wa Mwanza ndi chimodzimodzi. Mvula ikagwa kumapiri kumene mitengo inatha, madzi salowanso pansi, amangotsetsereka ndi dothi lonse, ola limodzi afika kwathu kunja kulibe ndi mtambo womwe. Ndinawauza atsibweni mwambi uja woti madzi saiwala khwawa, iwo akuti "eya, koma khwawalo ukalikwirira madziwo akagona kuti? Akagona m'nyumba mwako."

Ndipo akhala akugonadi m'nyumba zathu. Mu 1997 madzi anadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, malo aja anthu anangowatcha Mtayamoyo chifukwa chowoloka pa mabwato. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake yakale n'kudzitsegulira ina, kudula midzi ya ku Makhanga, anthu kugona m'mitengo ndi pamwamba pa zulu kudikira mabwato ndi helikopita, mchenga wake n'kukauthira m'dambo. Mu 2019 kunabwera namondwe Idai, mu 2022 anamondwe Ana ndi Gombe motsatizana, mu Malichi 2023 namondwe Freddy, amene anasiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa m'dziko muno. Mayi anga akhalako kukampu katatu, m'kalasi ya pulayimale mabanja khumi, moti pano ali ndi kachikwama kamene kamakhala komangiratu pamwamba pa mtanda wa denga, muli chiphaso, buku la kuchipatala ndi zitenje ziwiri. Ndiye nthawi zonse pa Facebook pamatuluka anzeru aja, "anthu a ku Lower Shire ndi amakani, amakana kusamuka dala kuti azilandira ufa ndi mabulangete." Ndikawerenga ndimafuna kuponya foni. Asamukire kuti, kumtunda kopanda madzi komwe malo ake ali kale ndi eni? Ndipo dimba alinyamula pamutu? Wolembayo mwina akulemba nsima ili pambaula ya makala ochokera m'mapiri omwe aja.

Chilungamo chake dambo silinakhalepo chinthu chokhazikika, limakula n'kuchepa. Ambuya ankasimba zimene anamva kwa makolo awo, kuti kunali nthawi imene Shire anauma anthu n'kumawoloka wapansi. Ndinkayesa nthano, ndinadzamva nditakula kuti n'zoona, kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja ya Malawi inatsika kwambiri moti inasiya kuthira madzi mu Shire. Dambo linauma, anthu analowamo n'kumanga midzi, kulima thonje ndi chimanga. Kenako nyanja inakweranso, madzi anabwerera n'kumiza minda yonse ija, anthu kuthawira kumtunda. Ndiye wina akhoza kunena kuti musadandaule, dambo limadziwa kudzikonza lokha. Koma nthawi imene ija chinachoka ndi madzi, beseni linatsala. Pano chikutha ndi beseni lenilenilo.

Tikubwerera tinadutsa m'kanjira kopapatiza koma kakuya bwino, bango mbali zonse ngati khoma. Atsibweni akuti "msewu uwu anakonza ndi adani a mayi ako." Ankanena mvuu.

Nkhani ya mvuu ndi mayi ndi yaitali. Chaka china chimanga chawo cha kudimba chitangoyamba kumasula, chokongola chobiriwira bwino, mvuu inalowa usiku umodzi wokha. M'mawa tinapeza theka la dimba lili pansi, china chodyedwa china chongopondedwa, mapazi ake ngati mabeseni, ndowe itamwazidwa paliponse ngati ikutinyoza. Mayi anakhala pansi pamzere osalira osayankhula, ndipo kukhala chete kumene kuja ndimakukumbukira kuposa maliro ena. Mvuu imodzi imadya udzu wokwana makilogalamu 40 usiku umodzi, ndiye ganizani ikapeza chimanga chanthete. Anthu anakanena kumene kumanenedwa nkhani zotere, kunabwera anthu patapita masabata, analemba m'kabuku n'kubwerera. Chipukuta misozi kunalibe. Kuyambira pamenepo achimwene anga ankagona kudimba m'kachisakasa, kusonkha moto ndi kumenya zitini usiku wonse, udzudzu ukuwadya, malungo chaka chilichonse. Ndiye munthu wotereyu ukamuuze kuti mvuu ndi chuma cha dziko, imakopa alendo? Alendo ake ati, amene iye sanawaonepo?

Koma atsibweni, amene mvuu inawagubuduzirapo bwato n'kutaya ukonde watsopano, ndi amene amaziikira kumbuyo. Amati mvuu zikamayenda usiku kupita kokadya zimaswa bango n'kutsegula tinjira, madzi ndi nsomba n'kumadutsa mmenemo, asodzi nawonso. Ndowe zake zimanenepetsa madzi, tizilombo timachuluka, nsomba n'kupeza chakudya. Thamanda limene mvuu zachokamo, akuti, limatsekeka, bango limalowerera, madzi amanunkha, nsomba zimathawa. Ndinadzawerenga pambuyo pake kuti akatswiri amanenanso zomwezo ndi chizungu chambiri, atsibweni anaziwerenga ndi nsungwi. Ndipo amanenanso mosabisa kuti si mvuu imene inabwera kudimba, ndi dimba limene linapita kwa mvuu. Anthu tachuluka, mchenga wakwirira madimba akale, ndiye aliyense akusunthira m'kati, kutentha bango, kulima mpaka pamlomo pa madzi pamene mvuu inkadyera. Mawu amenewa sanganene mayi ali pomwepo, nsima angaimve kununkhira kokha.

Za ng'ona sindikhalitsapo chifukwa zimandiwawa. Chaka cha njala amayi amalowa m'madzi ofika m'chiuno kapena m'khosi kukazula nyika, timizu takuda tija ta maluwa a m'madzi, towawira, timene umadya chifukwa choti palibe china. Ng'ona imadziwa. Pafupifupi mudzi uliwonse wa m'mphepete mwa dambo uli ndi munthu wopanda mkono kapena mwendo, kapena manda opanda mtembo. Mnzanga wina wa ku pulayimale mayi ake anapita choncho. Amene amakonda ng'ona pa TV ndimawamvetsa, koma asamatiphunzitse ife kuikonda.

Njovu yeniyeni ndinadzaiona ndili ndi ndevu kale, ku Majete, pa tiripi ya kuntchito. N'zochititsa manyazi pang'ono kuti malo ali m'boma lakwathu lomwe ndinakawaona chifukwa abwana analipira basi. Ndipo pamenepa ndiyamikire, zimene zachitika ku Majete ndi zazikulu. Pofika 1992 njovu zonse zinali zitaphedwa, zipembere zinatha kale, nkhalango inangotsala ya makala ndi misampha. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks kuti aziyendetsa malowa, anamanga mpanda wamagetsi kuzungulira, anabweretsa zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012, kenako akadyansonga mu 2018, ma cheetah mu 2019 ndi mimbulu mu 2021. Njovu zinaswana mpaka mu 2016 ndi 2017 zina anazitenga pamodzi ndi za ku Liwonde, zonse pafupifupi 500, kukazisiya ku Nkhotakota. Malo amene analibe njovu ndi imodzi yomwe anafika pogawira ena. Titaima m'mbali mwa Shire gulu la njovu likumwa madzi, kamwana kakuterereka m'matope make n'kukakoka ndi chitamba, ndinangoti kakasi, anzanga ali kalikiliki ndi ma selfie ine ndikuganiza za 20 tambala ija.

Koma pobwerera m'basi ndinali ndi kansanje. Majete anatheka chifukwa ndi malo oti ukhoza kuwazinga, kuika geti, kulemba asilikali a nyama, kunena kuti m'kati muno nyama kunja anthu. Ku Lengwe, kumene kuli boo, nyala ija yamizeremizere imene mwachilengedwe sipezeka kumpoto kupitirira chigwa chathu chino, nakonso kuli malire ake ngakhale kwapanikizika ndi nzimbe ndi midzi. Mwabvi ku Nsanje chimodzimodzi. Nanga dambo mungalizinge bwanji? Muli anthu masauzande ambirimbiri amene amadya momwemo, ndipo chimene chikulipha chimachokera ku Thyolo, ku Mulanje, ku Mwanza, ku Neno, ku Blantyre, chimadutsa pansi pa waya aliyense. Ngakhale Majete yemweyo mpanda wake sunaletse madzi a namondwe Ana kugumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 n'kuzima kamodzi, dziko lonse mumdima kwa miyezi. Ndipo magetsi atazima tonse m'tauni tinathamangira chiyani? Makala.

Mu 2017 dambo lathu linalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse, uja amati Ramsar, lachiwiri m'Malawi muno pambuyo pa nyanja ya Chilwa, mahekitala oposa 60,000. Ndinasangalala nditamva, ndinaika ndi pa status pomwe. Nditawauza atsibweni anandifunsa kuti "ndiye kuti chisintha n'chiyani?" ine n'kuyamba chibwibwi. Si kuti palibe chikuchitika, kuli makomiti a m'midzi oyang'anira usodzi ndi zachilengedwe, mafumu ena akuyesetsa kuletsa maukonde a timaso ting'onoting'ono. Koma taganizani, munthu wa mukomiti akalande masikito kwa mwana wa mlongo wake amene ana ake agona ndi njala dzulo? Masikito aja analandira kuti azigonamo asokedwa kukhala makoka, amakokolola ndi mazira omwe, aliyense akudziwa kuti n'kulakwa, aliyense akuti ndikasiya ine mnzanga sasiya. Namasupuni naye, duwa lokongola lija lochokera ku South America, watseka mathamanda ena moti bwato silidutsa. Ndiye kukubweranso ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi pa Kapichira kudutsa m'mphepete mwa Majete ndi m'kati mwa Lengwe kulowera ku Bangula, yoti idzathirire mahekitala oposa 40,000. Sindikuitsutsa ayi, chigwa chino chavutika ndi njala mokwanira ndipo munthu wokhuta salowa m'madzi kukazula nyika. Kungoti madzi amene adzalowe m'ngalandemo ndi omwe aja amayenera kufika kudambo mu Okutobala, ndiye ndimangopempha kuti owerengera madziwo aziwerengerako ndi milamba, ndi madimba a amayi amene maina awo sali m'kaundula wa sikimu iliyonse.

Pali malo amodzi kuchigwa kuno amene amandisokoneza maganizo, ku Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona, mzimu umene makolo ankapemphako mvula. Ndinapitako kamodzi, sindinalowe m'kati, ndinangoima chapatali. Ponseponse pozungulira ndi minda ndi midzi, mitengo yake yowerengeka, koma pamenepo pali nkhalango yowirira ya mitengo ikuluikulu yakalekale, yopanda waya, yopanda geti, yopanda mfuti. Palibe amene amalowamo ndi nkhwangwa. Ine ndine wa mpingo, ndipo ndikudziwa azibusa ena akawerenga apa akwinya nkhope, koma ndinaima pamenepo n'kudzifunsa kuti makolo aja anadziwa chiyani chimene ife ndi madigiri athu tikulephera. Anatha kuika mpanda m'mutu mwa munthu. Sindikunena kuti tiyambe kuthira nsembe pa mtengo uliwonse wa m'mapiri a Thyolo, komanso Mbona sangagulire munthu ufa. Anyamata a njinga aja sakudula mitengo chifukwa chosowa ulemu, akudula chifukwa kumtunda kuli ine amene ndikudikira ndi ndalama m'manja.

Eya, ine. Kunyumba kwanga ku Blantyre timaphikira makala. Ka hotipuleti kalipo koma mayunitsi amathamanga ngati akuthamangitsidwa, gasi ndinagula silinda n'kuigwiritsa miyezi iwiri, itatha sindinakadzazitsenso, mayi a kunyumba amatinso nyemba za pagasi sizikoma. Ndipo ndikamagula ndimasankha, ndimafuna a tsanya, olemera aja olira ngati chitsulo ukawagwetsa, osati opepuka othetheka. Tsanya amene amamera kuchigwa ndi m'mapiri otsikira ku Shire, mtengo wokula mochedwa woti wodula lero mdzukulu wake ndi amene angadzaone wina wofika pamenepo. Thumba limodzi pamwezi, nthawi zina awiri, kwa zaka zoposa khumi. Masamu ake sindifuna kuwachita.

Tsiku lonyamuka atsibweni anabwera ndi kaphukusi ka milamba yowamba, anakulunga m'pepala la simenti. Inali ing'onoing'ono, yaikulu kwambiri ngati dzanja langa, moti anapepesa, akuti "ndi imene ilipo mphwanga, ukawapatse ana alaweko za kwawo." Ndinaona nsungwi ija itatsamira pa nkhokwe ya mayi koma ikuoneka yaifupi. Nditafunsa akuti anaidula dzulo lake, inkangowalemera chabe, utali wonse uja alibe nawonso ntchito. Chidutswa chinacho mayi anali atachitenga kale n'kuchirikizira denga la khola la mbuzi.

Ndinafika ku Blantyre madzulo, magetsi kulibe. Ndisanakhale n'komwe pansi mayi a kunyumba akuti makala atha, ndipo milambayo ikufunika kuphika lero lomwe isanayambe fungo ndi kutentha kwa m'minibasi. Ndinatuluka kupita kumsewu, ndinapeza mnyamata wina atatsamiritsa njinga pa mpanda, miyendo ili mbuu ndi fumbi, thumba limodzi lamutsalira. Ndinatola khala limodzi n'kuligwetsa pansi, linalira bwino.

"A tsanya enieni bwana," anatero, "ndachoka nawo kumunsi usiku."

Ndinamufunsa kuti kumunsi kwake kuti. Anatchula mudzi wa m'phiri, pamwamba penipeni pa mtsinje umene umatsikira kudimba kwa mayi. Tinanenerera pang'ono, anandichotserako 500, n'kundithandiza kunyamula mpaka pakhomo.